Msana Wanga Watha ndi Mtanda

Mwana wanga Tiyamike,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno amako ali bwino, koma ine msana watha.

Lachisanu Loyera anandisankha kukhala Simoni wa ku Kirene pa Njira ya Mtanda. Kalipentala wathu wopanda chisoni uja anakhoma mtanda wa bulugamu wauwisi, kulemera ngati mzati wa chigafa cha fodya! Aphunzitsi amene ankasewera Yesu atangondisenzetsa, anawongoka n'kumayenda ngati akupita kumsika ku Santhe. Ndinawanong'oneza kuti, "Ambuye, tagwiraniko kumbuyoku." Iwo amvekere, "Madala, Baibulo silikutero."

Pano fodya wapsa m'munda, wothyola ali chigonere. Komabe manyazi andigwira. Kamtunda kochepako ndadandaula sabata yathunthu, pamene Mwiniwakeyo anasenza machimo anga osadandaula, ndipo amako akuti machimo angawo si opepuka. Ndikumuthokoza chogona chomwechi.

Unditumizireko mankhwala opaka, mwanawe. Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.