Chitofu cha Amma Chikuliza Mluzu

Mirpur, Dhaka
Nyengo ya mvula

Okondedwa achimwene a Zubair,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira Mulungu akukusungani bwino ku Italy kumeneko, inu ndi alamu anga a Farzana, ndi kamwana kanu kaja kamene timangokadziwira pa foni. Msana uja unasiya kuvuta? Kuno amuna anga a Kamrul ndi ana ali bwino. Amma, mayi athu, ali moyo. Mawu amenewa ndawasankha mosamala, musawadumphe.

Kalatayi ndapatsira a Motaleb amene akubwerera kwanuko. Mudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Ndikaimba mumakhala muli pa ntchito. Ndikalemba uthenga mumandiyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu musanawerenge n'komwe. Ndiye ndati ndiyese pepala, mwina mulichitira manyazi.

Mukudziwa mmene gasi wa m'mapaipi amachitira kuno. Amachoka m'mawa osatsanzika, n'kubwera nthawi imene wafuna, ngati mkamwini wolemera. Amma anatopa n'kumangopita kukhitchini kukasuzumira. Ndiye anapeza nzeru: amasiya chitofu chotsegula, chosayatsa. Akuti gasi akabwera chimayamba kuliza mluzu, iwo n'kuthamanga ndi machesi.

Nzeru imeneyi inkagwira ntchito makutu awo ali bwino. Panopa mluzuwo amaumva akakhala pafupi basi. Mphuno ndiye zinafa chidwalire matenda aja a korona. Mkaka ukapserera amadziwira utsi. Inu zimenezi simukuzidziwa chifukwa pa foni amakhala atavala mpango woyera, akumwetulira ngati mayi wa m'kalendala.

Lachisanu lapitali masana ndinawatengera nsomba ya ilishi. Ndili pa masitepe ndinamva fungo ngati la mazira owola. Ndinadzinamiza kuti ndi ngalande ya panja. Koma pamene ndimakwera, fungolo limakula, ndipo pa khomo la Amma linali loti munthu n'kulidula ndi mpeni.

Nditatsegula ndinapeza mawindo onse ali chitsekere, poopa udzudzu. Amma anali pabalaza, atakhala pansi, m'manja muli koyilo ya udzudzu ndi bokosi la machesi. Kamtengo koyamba kanali katathyoka kale chifukwa cha chinyontho cha mvula. Anali akusankha kachiwiri.

Achimwene, sindinawapatse moni. Ndinawalumphira ngati mphaka n'kuwalanda bokosi lija. Iwo anandifunsa ngati ku yunivesite anandiphunzitsanso kulanda mayi zinthu m'manja. Ataona kuti ndikutuluka thukuta anadzuka kuti andiyatsire fani, ine n'kuwagwiranso mkono asanafike pa swichi. Anati ukwati wandisokoneza mutu.

Ndinathamangira kukhitchini, chitofu chikuliza mluzu wake uja popanda womvera. Ndinachitseka, ndinatsekanso paipi ya pakhoma, n'kukankha mawindo onse. Kenaka ndinawakokera Amma panja. Anakana kutsika opanda nsapato, ndiye tinakangana za nsapato tili m'kati mwa gasi. Tinakakhala pansi pa masitepe, iwo akudandaula kuti nsomba ndaisiya padzuwa ndipo udzudzu wonse wa mu Dhaka ndaulowetsa m'nyumba.

Mayi Shefali a nyumba ya m'munsi anatuluka kudzaona. Nditawafotokozera, anaseka n'kunena kuti iwonso amatero, nyumba yonseyi amatero, ndipo palibe wafa. Anati ana ophunzira timaopa ngakhale chithunzithunzi chathu. A Haji eni nyumba anamvetsera akusisita ndevu, n'kunditonthoza kuti moto ndi imfa zimalembedwa kumwamba, munthu sangazithawe. Atatero anapita kukachotsa njinga yawo yamoto pansi pa masitepe, n'kukaiimika tsidya lina la msewu.

Fungo litatha ndinatsegulanso paipi ya pakhoma, chitofu chili chotseka, ndipo kafungo kanabwereranso. Ndinapaka thovu la sopo pa paipi ya labala ija imene Abba, bambo athu, anaika asanamwalire. Thovulo linayamba kufufuma malo awiri. Amma sanadabwe. Anati amadziwa, ndipo anamatapo kale sopo wouma n'kukulungapo kansanza ka nsalu yawo yakale ya sari. Anandionetsa mfundo yake monyadira. Kunena zoona, inali mfundo yokongola.

Ndinaitana mmisiri, paipi anasintha. Chimenecho ndi chokhacho chimene ndakwanitsa, chifukwa paipi siitsutsa.

Mawa lake ndinabwera ndi chitofu cha magetsi. Anachiyamikira kwambiri, anachifunditsa kansalu kopeta maluwa, n'kuikapo chithunzi cha mwana wanu. Akuti mpunga wophika pa magetsi umakoma ngati wa kuchipatala. Akutinso mwana wawo wa ku Italy ananena kuti nsomba ya pa chitofu chakalechi ilibe inzake pa dziko lonse. Mukukumbukira? Munanena pa chikondwerero cha Eid, mongocheza, mukutafuna. Kuno mawu amenewo anasanduka lamulo.

Ndinawapempha kuti azingosiya chitofucho chotseka. Anandifunsa kuti ndiye gasi akabwera adziwa bwanji, kapena ndiwalembera kalata. Ndinati aziyesa ndi machesi nthawi ndi nthawi. Anati machesi sathyoledwa mu mtengo. Ndinawagulira mabokosi odzaza thumba. Anawatsekera m'kabati kuti asathe msanga.

Kenaka ndinachita za uchigawenga. Ndinazula timitu totsegulira chitofu n'kutiika m'chikwama changa, kuti ndizibwera madzulo kudzaphika nawo limodzi. Ndinagona tulo tabwino usiku umodzi. Nditabwerako ndinapeza atsegula ndi chopanira misomali cha Abba, ndipo chifukwa manja awo alibe mphamvu, kutseka kwake sikumafika kumapeto. Timitu tija ndinabwezera ndekha, iwo akundiyang'ana ngati mphunzitsi amene wakhululukira mwana wopusa.

A Kamrul anapita okha kukawapempha kuti adzakhale nafe. Chipinda chilipo, ana akuwafuna. Amma anawaphikira tiyi, anawatcha mwana wawo wagolide, kenaka n'kuwauza kuti mpunga wa kwa mkamwini umatsamwitsa, ndipo mayi amene ali ndi mwana wamwamuna sagona kwa mwana wamkazi anthu n'kumaona. Anati achoka m'nyumbamo tsiku limene Zubair adzanene, kapena tsiku limene adzawanyamule anthu anayi. A Kamrul anamwa tiyi wawo n'kubwerako.

Ndiye mwaona pamene ndaima. Ine ndi amene ndili pafupi, koma mawu anga ndi a mwana wamkazi, amalowa khutu ili n'kutulukira linalo, ngakhale makutuwo ndi ogontha. Inu muli kutsidya kwa nyanja, koma mukatsokomola pa foni Amma amatumiza uchi. Sindikuchita nsanje. Ndinasiya kalekale. Ndikungofuna kubwereka pakamwa panu.

Panopa ndimaphunzitsa foni ili pa tebulo. Galimoto ya ozimitsa moto ikadutsa ndimaiwala zimene ndimanena, ana a sukulu n'kumayang'anana. Ndikaweruka ndimakwera njinga yahayala ya rikisho mpaka ku Mirpur, ndimaima pansi pa masitepe n'kununkhiza ngati galu ndisanakwere. Koma gasi amabwera ine ndili m'kalasi, achimwene. Nthawi imeneyo m'nyumbamo mulibe mphuno ngakhale imodzi.

Ndikukupemphani, muwaimbire. Musaseke, musanene kuti Amma amaidziwa khitchini yawo, monga munandiyankhira chaka chatha. Muwauze ndi mawu anu aja a mwini banja kuti mwalamula asamukire kwa ine Sabiha, kapena ngati zimenezo zakukulirani, kuti chitofu cha gasi chichoke. Musatchule kuti ndakulemberani. Munene kuti ndi nzeru zanu. Ulemu wonse ukhale wanu, ine sindiufuna.

Ndipo mukaimba, musawafunse kuti ali bwanji, chifukwa yankho mukulidziwa kale. Muwauze alowe kukhitchini ndi foniyo, aiyandikize pa chitofu, inu mukhale chete mumvetsere. Makutu anu akadali abwino.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndipo kamwanako mukapsompsone pa chipumi m'malo mwa azakhali ake. A Kamrul ndi ana akupereka moni. Amma akanaperekanso, koma sakudziwa za kalatayi. Mulungu akusungeni kumeneko, ndipo kuno atumize mvula yambiri, machesi apitirize kunyowa mpaka mutaimba.

Ndine mlongo wanu,
Sabiha