Kapu ya Phala Pampanda

Lolemba, 13 Julayi 2020

Mwaiwathu akupuma moipa. Nthiti zikulowa m'kati, chifuwa chikulira ngati mluzu. Thupi moto. Kaya ndi kolona, kaya chibayo. Bambo ake, a Binali, ali ku Mbenji kokapha nsomba, foni anapita nayo. Ine mimba yakula, sindingamubereke mpaka kuchipatala cha mishoni. Wakabaza wakana. Akuti, "Wotsokomola ayi mayi, nanenso ndili ndi ana."

Chomwe ndatsala nacho ndi kapu basi. Chitsekereni sukulu ya mishoni, phala la ana saphikanso, ufa wake amatigawira m'makomo. Madamu Uchizi, aphunzitsi a Mwai, amazungulira pa njinga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Masiki kukamwa, m'nyumba salowa. Anagwirizana ndi a Shehe, nkhani inalengezedwa pa chimkuzamawu cha kumzikiti: pakhomo pakakhala wodwala, pachikani kapu ya phala ya mwana pampanda. Madamu akaiona amakauza a Fanny, anesi a kumishoni, iwo n'kubwera pa njinga yamoto. Mkhristu kaya Msilamu, chimodzimodzi.

Lero Madamu adutsa m'mawa, Mwai asanafike poipa chonchi. Kapu yake yobiriwira ndaipachika. Koma Lachitatu kutalika kwake!

Lachitatu, 15 Julayi

Adutsa. Belu ndinalimva ndili m'nyumba, ndikumupukuta Mwai ndi kansalu konyowa. Ndinati aima. Sanaime. Potuluka, pampanda palibe kanthu, njinga yakhota kale pamjigo. Kuthamanga sindingathe. Ndinakuwa, mphepo ya mwera inameza mawu.

Kapu ndaipeza m'lichero la apongozi anga, akuyezera mchere. Sanabise n'komwe. "Ndachotsa ndine. Ukufuna mudzi wonse utiloze zala? Usipa uli pathandalapo agule ndani?"

Kenako anatchula a Samueli, a nyumba ya kuseri kwathu. Anapita kuchipatala akutsokomola, anabwerako m'pulasitiki. Anawaika anthu ovala zoyera thupi lonse. Osawasambitsa, osawaveka sanda, nsalu yoyera ya maliro, abale ataima patali ngati alendo. Apongozi akuti, "Mdzukulu wanga salowa m'pulasitiki ine ndili moyo."

Ndinabwerera kwa Mwai. Pano ndine mtengwa. Kukanakhala kwathu ku Khombedza, amayi akanandimvera.

Lachinayi, 16 Julayi

Apongozi amufunditsa bulangete pamphika wa masamba a bulugamu ndi mandimu. Thukuta lokhalokha, kenako kusanza. Amuchitira pemphero la duwa, amumwetsa madzi a ginja. Sikuti samukonda. Dzulo lonse sanadye iwonso.

Masana Mwai anatsitsimuka pang'ono. Agogo ake pomupatsa phala, iye anakankha supuni. "Agogo, simunasambe m'manja. Ndikakunenerani kwa Madamu." Apongozi anaseka mpaka misozi, anakasambadi, ndi sopo yemwe. Ndinati mwina wayamba kuchira.

Madzulo mluzu uja wabwereranso. Anandifunsa kuti kapu yake ili kuti, sukulu ikatsegulidwa adzamwera chiyani. Kapuyo ndaiba m'lichero muja, ili m'chitenje changa. Mawa sindipachika. Ndikakhala ndekha panjira, kapu m'manja. Andichotse ineyo ngati angathe.

Wam'mimbayu naye akungoponda. Ngati akudziwa.

Lachisanu, 17 Julayi

Ndakhala pampanda kuyambira m'mawa mpaka anthu kubwerako ku mapemphero a Juma. Msana ngati wathyoka. Belu lililonse, mtima phaa. Wamakala. Wansomba. Madamu ayi.

Margret, mnzanga wa pamjigo, anaima kutsidya kwa njira, pakamwa atatseka ndi mpango. Waona kapu, sanayandikire. Akuti Madamu Uchizi nawonso akutsokomola, awauza asatuluke m'nyumba. Ufa wagawa mphunzitsi wina, a Gracian, mlendo kuno. Adzera msewu wa kumtunda, kanjira kathu ka kugombe sakukadziwa. Ndinamupempha Margret akandinenere kumishoni. Anayang'ana pansi. "Amuna anga akamva kuti ndalowerera za kolona, ndikagona panja."

Madamu, nanunso? Amene munkatiuza kuti tisaope?

Mwai wakana phala. Madzi okha, nawonso pang'ono.

Loweruka, 18 Julayi

Milomo yada. Akupuma ndi mimba, ndi mapewa, ndi thupi lonse. Ndikamuitana akutsegula maso mochedwa.

Apongozi analowa ndi mphika wa masamba uja. Anamuyang'ana Mwai, mphika anauika pansi. Anandigwira m'chiuno pomwe ndinabisa kapu, kusonyeza ankadziwa. Anakaimangirira okha pamwamba pa mpanda ndi chingwe cha ukonde, mfundo pamwamba pa mfundo. Ndinawauza kuti amayi, Loweruka sikudutsa njinga. Anaima pomwepo, manja ali m'mwamba. Kenako anafunda mpango, ulendo wa kumzikiti, opanda nsapato. Mayi amene samafuna kuti ngakhale nkhuku ya eni idziwe.

Pano ndikulemba Mwai ali pamiyendo. Chimkuzamawu chalira, si nthawi ya mapemphero a swala. Mawu a Shehe. Atchula pakhomo pa a Binali. Atchula dzina la mwana wanga. Akuti amene ali ndi foni aimbire kumishoni, amene ali ndi njinga akatenge anesi. Abwereza. Kumbuyo kwawo ndikumva apongozi akukuwa, "Nenaninso, Shehe, nenaninso!"

Mudzi wonse wamva tsopano. Usipa uwole, ndilibe nawo ntchito. Anthu atuluka, aima m'mipanda mwawo, akuyang'ana kuno. Palibe amene wasuntha. Margret yekha ndamuona akudutsa mothamanga, kaya walowera kuti.

Mwera ukukankhira mawu kunyanja. Kumishoni ndi mbali inayo. Kodi afikako?

Kapu ili pampanda, ikugwedezeka, yobiriwira, simungaiphonye. Mukafika pamjigo mukhotere kugombe. A Fanny, chonde. Musadikire Lolemba. Bwerani pompano, akupumabe, bwerani