Mtedza wa M'lichero la Amayi

Kanakantapa,
Chongwe.
9 Ogasiti 2025

Okondedwa achimwene a Langford,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Solwezi. Ndalemba kalata chifukwa pa foni amayi amakhala pambali panga, ndipo inunso mumangofunsa za mbuzi zanu ngati ndizo zinakubalani. Mbuzizo zili bwino. Amayi sali bwino.

Chaka chatha kunabwera ofufuza ochokera ku yunivesite ya ku Lusaka. Ankayenda khomo ndi khomo kupempha mtedza ndi chimanga pang'ono kuti akayeze poizoni wa chuku, amene amati amawononga chiwindi mwakachetechete. Amayi mumawadziwa. Mlendo sapatsidwa zonyala, ndiye anamasula thumba limene amakusungirani lija n'kuwatapira mtedza wonenepa wokhawokha. Zotsatira zinabwera zoti pakhomo pathu palibe vuto, ndipo amayi ananyadira mpaka kukalengeza ku tchalitchi.

Mwezi wathawu ofufuzawo anabweranso. Mtsogoleri wawo, a Inonge, ndi mayi wofatsa amene sanyansidwa kukhala pansi. Anapeza amayi akusinja nsinjiro, ndipo ataona mtedza umene unali m'lichero anasiya kumwetulira. Unali wonyala, wina wakuda, wina wobiriwira ndi chuku. Anafunsa ngati ndi umene timadya.

"Uyu ni wanga," anatero amayi. "Wabwino ni wa mwana wanga ku migodi. Ine nakalamba, mimba yanga siisankha."

Achimwene, ine ndakhala ndikuona zimenezi chikhalire, koma ndinkati ndi mmene amachitira mayi aliyense kuno. Wabwino amatumiza kapena kugulitsa, wotsala ndiye wothira ndiwo. Ine ndimadya kwanga ndi ana, amayi amadziphikira okha.

A Inonge anatenga mtedzawo, ndipo ataona maso a amayi ali achikasu, anatitengera okha pa galimoto yawo ku chipatala ku Lusaka. Madokotala akuti chiwindi chatupa ndipo chili ndi chotupa chachikulu. Sananene kuti ndi mtedza wokha, koma akuti tachedwa. Pobwerera a Inonge anapepesa kuti chaka chatha sanafunse za mtedza umene timadya, anangopempha mtedza basi. Tsopano akuti m'midzi yonse ayamba kulowa m'khitchini. Zithandiza ena, ndipo sindiwada, koma mtima ukundipweteka kwambiri.

Amayi andiletsa kukuuzani. Akuti mukadziwa musiya kulandira thumba lanu, ndiye iwo adzakhala mayi wa chiyani? Ndawalonjeza, ndipo mukuona nokha mmene ndasungira lonjezolo. Musadzawakalipire, komanso musadziimbe mlandu. Simunkadziwa.

Pemphani tchuthi mubwere, musadikire Khirisimasi monga mwa chizolowezi chanu. Mubwere ndi Kondwa, chifukwa agogo ake anamuona komaliza asanayambe kuyenda. Musavutike ndi zitenje kapena shuga, sakudyanso kwenikweni.

Ana onse akupereka moni, a Tenson bambo a kunyumba nawonso. Amayi akudziwa kuti ndikulemba, akuganiza kuti ndi za mbuzi. Akuti ndikuuzeni kuti ali bwino ndithu, muzigwira ntchito mosadandaula, adzakuonani mvula ikagwa. Ine ndikuti mufike mvula isanagwe.

Ndine mlongo wanu,
Ednah