Penti pa Thiransifoma ya ku Matero

Ba Malume,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno tilipo, koma ba mayi miyendo ikali kuwawa.

Ine ndatopa ndi ntchito yangayi ya ku kampani ya magetsi. Thiransifoma yathu ya ku Matero imangozima waya akagunda malata mukomboni, chonsecho iyenera kuzima pokhapokha vuto lili mkati mwake. Titafufuza, tinapeza kuti siti, kamphete koyeza magetsi pa waya wopita pansi, anakaika chozondoka. Chizindikiro choonetsa kutsogolo kwake chinakwiririka ndi penti, pokonzekera mabwana odzayendera. Takatembenuza, malaiti akhazikika, koma ba Nambewe, aneba athu, sandiyankhanso moni. Nsomba zawo zamalonda zinaolera mufiriji.

Mabwanawo mpaka lero sanabwere.

Mutumizeko mankhwala opaka aja a miyendo ya ba mayi. Mulungu akusungeni.

Mwana wanu,
Yohane