Mundijambulire Amayi Ali Pampando

Achemwali anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, chifukwa ndikayamba ndi zanga simupeza mpata wopumira. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unasiya kuvuta? Nanga amayi, dzanja lija likugwirabe kapu lokha? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye suli m'malo.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula pakamwa. Nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto musanayankhe.

Mukudziwa kale kuti ndimaphunzitsa yoga, masewera aja odziwongola ndi kupuma mwadongosolo, amene amayi amati ndi ntchito ya mphaka akangodzuka. Pa magulu onse amene ndimaphunzitsa, limene lili pamtima panga ndi la m'mawa, la amayi achikulire khumi ndi mmodzi. Timakumana m'chipinda cham'mwamba, cha galasi lalikulu kukhoma ndi zenera limodzi losatsekeka. Kwa zaka ziwiri phunziro lawo ndakhala ndikulikonza m'kakope kanga ndi pensulo. Ndimajambula tianthu tangati timitengo, pambali n'kulemba kuti uyu bondo lamanzere, uyu asaweramitse mutu, uyu amabisa ululu ndiye ndizimuyang'ana pankhope.

Mwezi watha bwana wathu, mayi uja timangomutcha Achangu chifukwa ngakhale tiyi amamwa ali chiimire, anabwera ndi chipulogalamu cha pa tabuleti chokonzera maphunziro. Anati za makope zithe, aliyense azikonzera mmenemo. Umangolowetsa mphindi zimene uli nazo ndi chiwalo chimene ukufuna kulimbitsa, icho n'kukuyalira phunziro lonse. Kenako chimaonetsa zithunzi pa kanema wa kukhoma, ndipo mawu a mkazi wina wosadziwa kutopa amawerenga masekondi. Ndisaname, kwa atsikana obwera akaweruka ku ntchito chimathandiza, ndipo chandipulumutsa ku ntchito yambiri yolemba.

Koma chimangodziwa anthu amitundu itatu: oyamba kumene, apakati, ndi akatswiri. Palibe polemba kuti munthuyu anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Ndinasankha oyamba kumene, poganiza kuti chiwachitira chifundo. Achemwali, woyamba kumene wa chipulogalamuchi ali ndi zaka makumi awiri ndipo alibe mafupa.

Lolemba loyamba chinalamula kuti tichoke poimirira tikagone chafufumimba m'masekondi khumi. Masekondi khumi! Amayi a m'gulu langa aja kuti afike pansi amayamba agwira khoma, n'kutsitsa bondo limodzi, n'kupumira kaye, n'kuitana dzina la Mulungu. Pamene woyamba amafika pamkeka, mkazi wa pakanema uja anali atadzuka kale, akuwerenga zina. Ndinaimitsa. Ndinayambitsanso. Ndinaimitsanso. Phunziro lonse linathera ine kuthamangira tabuleti m'malo moyang'ana anthu anga.

Lachitatu lake ndi pamene zinaipa. M'gululi muli mayi wina amene timawatcha Anamwino, chifukwa anagwira ntchito m'chipatala zaka makumi atatu asanapume. Ndi munthu wosafuna kutsalira. Ine nditatembenukira ku tabuleti, iwo anayesa kuthamangitsana ndi mawu aja, bondo linawakana, n'kugwera chammbali. Sanavulale. Koma tinachita kuwadzutsa anthu atatu, onse akuonerera pagalasi lija. Anakulunga mkeka wawo. Pakhomo anandiuza kuti moyo wawo wonse akhala akunyamula anthu, ndipo sanabwere kuno kudzanyamulidwa pagulu. Sanabwerenso. Anzawo anayi anawatsatira, tsopano tatsala ndi asanu ndi mmodzi.

Ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya. Zaka ziwiri palibe anagwapo m'manja mwanga, chifukwa maso anga amakhala pa iwo. Tsiku limenelo masowo ndinangowachotsa pang'ono kuti ndidine chinthu.

Ndinapita kwa Achangu kukapempha kuti gulu ili lokha ndibwerere ku kakope kanga. Anandimvetsera uku akuyankha uthenga pafoni. Kenako ananditembenuzira tabuleti kundionetsa lipoti, pakuti chipulogalamuchi ndi kazitapenso. Chinali chitalemba kuti ndinaimitsa phunziro kakhumi ndi kanayi, ndipo chinandipatsa chizindikiro chofiira cha mphunzitsi wosatsata ndondomeko. Anati iwo akufuna kuti mphunzitsi wina aliyense azitha kulowa m'malo mwa mnzake akadwala, ndipo kope la pensulo silingawerengeke ndi wina. Pamenepo sananame, ndipo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Anamaliza ndi kunena kuti gulu likapanda kufika anthu asanu ndi atatu pakutha pa mwezi uno, alitseka, ola limenelo apatse atsikana.

Ndinakhala masiku awiri ndikuchitukwana chinthucho mumtima, uku ndikuchifufuza paliponse. Pamapeto ndinapeza kakhomo kobisika pansi penipeni, kolola mphunzitsi kuwonjezera masewera akeake. Umalemba dzina la sewerolo, umaika nthawi imene ukufuna, ngakhale mphindi ziwiri zathunthu, koma sichilola kusunga popanda chithunzi cha munthu akuchita sewerolo. Ndinayesa kujambula tianthu tanga ta m'kope, chinakana kuti sichikuona munthu. Achangu anavomera kuti ndikakonza phunziro langa mmenemo, bola likhale m'tabuleti, iwo alibe nalo vuto.

Ndinadzijambula ndekha zithunzi ndikuchita masewera athu nditakhala pampando, n'kupita nazo kunyumba kwa Anamwino. Anandilandira bwino, anavala magalasi, anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Kenako anandibwezera foni n'kunena kuti ine ndine mwana, kukhala pampando ndikungochita chifundo, ndingathe kudzuka nthawi ina iliyonse. Anati atopa kuonetsedwa matupi osadziwa ululu. Anati tsiku limene pakhoma paja padzaoneke munthu mmodzi wonga iwo, wodziwa kuti kukweza mkono ndi ntchito, adzabwera, ndipo anzawo anayi aja adzawakoka okha. Ndinapempha asanu ndi mmodzi otsalawo kuti mmodzi ajambulidwe. Onse anakana, aliyense akuloza mnzake.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndikudziwa kulemera kwake. Mundijambulire amayi.

Mukukumbuka miyezi ija atangodwala sitiroko, mmene ine ndi inu tinkawakhazika pampando wamatabwa uja wa kukhitchini? Kukwawitsa zala pakhoma mpaka pa kamzere kamene munalemba ndi makala. Kufinya thawulo. Kukweza chidendene uku atagwira tebulo. Kutembenuza khosi ngati akuyang'ana amene walowa pakhomo. Kudzuka pampando n'kukhalanso, ife tikuwerenga, iwo akutikalipira kuti tikuba manambala. Ndi kupuma kuja, dzanja lili pamimba. Masewera asanu ndi limodzi amenewo ndi amene ndakhala ndikuphunzitsa gulu la m'mawa kuyambira tsiku loyamba. Sindinawatenge ku sukulu ya yoga ayi. Ndinawatenga kukhitchini kwathu.

Ndikufuna zithunzi zisanu ndi chimodzi, sewero lililonse chimodzi. Mujambule masana pafupi ndi khomo kuti kuwale, thupi lonse lioneke kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Alamu asagwire foni, paja iwo amadula anthu miyendo. Zindipeze lisanafike Lachisanu la sabata yamawa, kuti ndikhale ndi masiku oitanira anthu mwezi usanathe.

Ndikudziwa kuti chidwalireni amayi safuna kamera, chifukwa cha pakamwa popotoka paja. Ndinaona pa chithunzi cha ubatizo wa mwana wanu kuti anabisala kumbuyo kwa azakhali. Muwauze kuti ngati akufuna, atembenukire kumbali, kapena muwajambule chakumbuyo. Zithunzizo sizipita kwina kulikonse, zizingooneka m'chipinda chimodzi, kwa amayi anzawo. Muwauze zonse mmene zilili, musawanyengerere ndi bodza. Akakana, musawakakamize, ndipo musandibisire. Gulu likatsekedwa ndidzalira, koma sindidzawaimba mlandu.

Ndikudziwanso zimene mukuganiza pamene mukuwerenga apa. Ine ndinawasamala miyezi isanu ndi itatu n'kunyamuka, inu mwakhala nawo zaka zinayi, ndipo lero ndikubwera ndi pempho m'malo mwa thandizo. Zimenezo zimandichititsa manyazi, ndipo sindikudziwa kuti ndingazikonze bwanji m'kalata. Mukafuna kundikalipira, imbani, ulendo uno sindikudulani pakamwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti za miyendo zija ndanena mwachikondi. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Wamng'onoyo mumupsompsone patsaya.

Amayi muwasiyire pomaliza, mukhale nawo pansi. Amakonda kudandaula kuti chidwalireni sathandizanso munthu, angokhala katundu wa ana awo. Muwauze kuti kuno kuli amayi khumi ndi mmodzi amene kwa zaka ziwiri akhala akukwawitsa zala pakhoma mmene ankachitira iwo, ndipo mmodzi anayamba kupesa yekha tsitsi chifukwa cha zimenezo. Mphunzitsi wawo weniweni sanamuonepo. Ndikungopempha kuti amuone.

Ndine mng'ono wanu wovuta uja,
Chitsirizira