Kandulo Yaing'ono ya Bambo

3 Febuluwale

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mumandidula mawu, ndipo lero ndikufuna mundimve mpaka kumapeto.

Dzulo kutchalitchi linali tsiku la makandulo, lija timakumbukira kuperekedwa kwa Yesu m'kachisi. Kodi mukukumbukira mmene kunyumba kunkakhalira sabata yake? Bambo ankabwera ndi thumba la zidutswa za makandulo zimene ankatola kuguwa chaka chonse, n'kuzisungunula m'kapoto kopanda chogwirira kaja. Inu munkapota ulusi, ine ndinkagwira timapaipi tothiramo phula, malemu amayi ali pakhomo kudandaula kuti khitchini yawo ikununkha tchalitchi. Chaka chimene munapsa chala munalira ngati akudulani mkono, koma m'mawa mwake munali patsogolo pa mdipiti, chala chomanga nsanza chili m'mwamba kuti aliyense achione. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri, achimwene.

Bambo anapuma pa ntchito yosamalira tchalitchi, koma makandulo sanasiye. Manja awo akunjenjemera tsopano, ndiye wothira phula ndine, iwo amangolamula ali pampando. Chaka chino tinapanga atatu monga mwa nthawi zonse: yawo, yanga, ndi yanu imene ndimakuyatsirani. Phula litatsala pang'ono anati, "Tapeza kapaipi kakafupi, tipange ina yaing'ono."

Apa ndiye ndiulule. Munandilumbiritsa kuti ndisawauze za mwana, koma ine ndinawauza. Ndinapirira miyezi iwiri yathunthu, zimene kwa pakamwa panga ndi chozizwitsa. Tsiku lina anandipeza ndikusekerera foni ndekha, ndipo bodza linandisowa. Chithunzi cha mwanayo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera foni. Mundikalipire ngati mukufuna, ndalakwa ndithu.

Sindinaiwale zimene ananena tsiku limene munabwera ndi alamu, zoti mkazi amene ukwati wake sunadalitsidwe m'tchalitchi asaponde pakhomo pawo. Ndinalipo, ndinamva, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Patha zaka zinayi inu ndi iwo osalankhulana.

Dzulo kandulo yaing'onoyo anaiika m'thumba la jekete. Ansembe akudalitsa makandulo anaitulutsa, koma sanaiyatse. Titatuluka tinakhala pabenchi podikirira basi, chifukwa masiku ano sayenda mtunda wautali osapuma.

"Iwe, tanthauzo la tsiku la leroli ukulidziwa?" anandifunsa.

Ndinayankha zimene anatiphunzitsa tili ana, kuti Yesu ndiye kuwala kwa anthu onse.

"Zimenezo n'zoona," anatero. "Koma ine zaka makumi atatu ndakhala ndikupukuta zoikapo makandulo, nkhani yake ndaimva lero. Ndi nkhani ya nkhalamba, mwanawe. Simeoni uja anadikira mpaka kukalamba. Kenako analowa anthu awiri osawadziwa, atanyamula khanda. Sanawafunse kuti kwanu n'kuti, sanati muonetse kaye makalata. Anangotambasula manja, iwo n'kumupatsa mwana."

Kenako anati, "Ndikanakhala ine pakhomo paja, ndikanawabweza."

Basi inabwera, ife tinaisiya ipite. Tinakwera yachiwiri.

Pali chinanso chimene ndakhala ndikukubisirani. Mukafunsa pa foni ndimati bambo ali bwino. Sali bwino. Miyendo ikutupa moti nsapato zawo za kutchalitchi sizikulowanso, dzulo anapita atavala patapata. Adokotala akuti mtima watopa. Sanatchule miyezi, koma anandiitanira pambali n'kundiuza kuti amene ali kutali adziwitsidwe. Ndili ndi mantha, ndipo ndatopa kuchita mantha ndekha.

Bambo sadzakulemberani, mukuwadziwa, ndipo makani amenewo inu munatengera iwo omwewo. Ndiye wopempha ndikhale ine. Bwerani ndi mwana, musadikire tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Chipinda chanu ndachisesa kale, makatoni aja ndachotsamo, anthu atatu mukwanamo bwinobwino.

Azakhali akupereka moni, akuti kunenepa kwanu pa zithunzi kukuonetsa kuti mukusamalidwa. Anzanu akwaya amakufunsani nthawi zonse.

Ndikumaliza kulemba apa, bambo afunsa kuti ndikulembera ndani, ndipo ndawauza. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni, ati ayi. Nditayamba kupinda pepala andiimitsa.

"Upereke moni kwa apongozi anga," atero. "Ulembe momwemo, apongozi anga. Uwafunsenso ngati mwanayo amalola kunyamulidwa ndi alendo."

Ndine mlongo wanu wokusowani,
uja mumati Kamakani