Bafa Lobiriwira, Loko Wanga

Lolemba, 4 Ogasiti

Kundisambitsanso lero. Mng'ono wanga ndi beseni, ine pampando wapulasitiki ngati khanda. Chichitikireni ngozi ija sindinasambepo ndekha. Mwanayu sadandaula, koma kukoleji akutsegulira mwezi wamawa ndipo akuti sapita. "Ndikusiyani ndi ndani, achemwali?" Zimenezo ayi. Apita basi. Bafa liphwanyidwe, limangidwenso loti ndizilowamo ndi chikuku changa.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Bambo akunyumba abwera ndi chithunzi pafoni. Matailosi oyera mbee, zitsulo mbali zonse. Ndati kodi mukundimangira wodi? Chipatala ndakhuta nacho ine. Ndikufuna matailosi obiriwira, zogwirira zakuda, galasi lalikulu lotsika mpaka pomwe ndimakhala. Munthune ndinali ndi saluni. Yagona ndi miyendo, maso ali maso. Aseka. "Mwayamba kuchiratu, pakamwa pabwerera."

Koma mtengo wake obiriwirawo, mayo ine! Makina amodzi oumitsira tsitsi agulitsidwe.

Loweruka, 16 Ogasiti

Fumbi nyumba yonse. Mmisiri ndamutcha a Mawa, chilichonse kwa iwo ndi mawa. Koma luso ali nalo, ndisawanamizire. Kasitepe ka pakhomo achotsa. Pansi apendeketsa pang'ono kuti madzi azithawa okha. Sinki yopanda kabati kunsi, mawondo azilowa. Benchi la m'shawa lamatabwa osalala, lokongola zedi. Zonsezi ndikungomva ndi kuonera pafoni, akuti fumbi lingandidwalitse. Andisandutsa dzira m'nyumba muno.

Lachitatu, 27 Ogasiti

Zalakwika. Khomo.

Bambo akunyumba anayeza chikuku ine ndikugona masana, chopanda munthu, ati kuopa kundivutitsa. Chikulowa bwinobwino, inde, wina akamakankha kumbuyo. Ndayesa ndekha, manja pamagudumu, zala khwee pafelemu ya chitseko mbali zonse ziwiri. Timagazi pang'ono. Anaiwala kuti ndili ndi manja.

Ndalira, osati chifukwa cha zala. Mng'ono wanga akuti, "Palibe kanthu, ndizikukankhani." Mawu omwewo amene sindifuna kumva. Chikwama chimene ndinamukakamiza kulongedza wakhuthula.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Dzulo bambo sanadye. M'mawa uno ndili pabedi ndangomva gu! gu! m'kholido. Kusuzumira, ndi iwo m'chikuku changa, mimba pamawondo, akugunda khoma uku ndi uku. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Alimbana ndi khomo lija, alowa, atambasula dzanja. Switchi ili kumwamba, poika sopo sakufikapo. Atuluka chigongono chitasupuka, nkhope yagwa. "Amayi, tepi nayi. Kuyambira lero oyeza ndinu."

Felemu izulidwe. A Mawa akuti mawa.

Lachisanu, 5 Sepitembala

Khomo latsopano, lotakata, chitseko chokankhira cham'mbali. Ndalowa, ndazungulira, ndatuluka, zala zonse zilipo. Switchi, mpope, poika sopo, ndaloza ndekha ndili chikhalire, fumbi lomwelo ndikupuma osafa.

Koma loko palibe. Akuti mukagwa tidzalowa bwanji? Ndati gulani wotheka kutsegula ndi kunja komwe zikavuta, koma loko akhalepo, pomwe dzanja langa lifika. Bafa lopanda loko ndi khonde limenelo. Bambo ayang'ana a Mawa, a Mawa ayang'ana kudenga. Aika lero lomwe. Zodabwitsa sizitha.

Lamulungu, 7 Sepitembala

Ndasamba ndekha. Ndilembenso: ndekha.

Loko kwati. Kuchoka m'chikuku kufika pabenchi thukuta kamukamu, koma ndafika. Sopo wagwa, ndamusiya pomwepo, ndatenga wina. Madzi ofunda pamsana, obiriwira aja akung'anima. M'galasi mayi wina wa tsitsi lanyankhalala, mwini saluni wake ameneyo? Manyazi bwanji! Ndamupesa.

Kunsi kwa chitseko mithunzi ya mapazi, anthu awiri ali duu, osapuma n'komwe. Ndayamba kuimba dala kuti adziwe kuti ndili moyo.

Potuluka, mng'ono wanga ali chiimire ndi tawulo m'manja, womupukuta palibe. Ndati tawulo limenelo longedza, kukoleji ukalifuna. Chikwama chabwerera pabedi. Akupinda zovala akulira, nanenso ndikuona ngati cholemberachi chikusambira. Ndimusowa mwanayu, eee. Ndisiye kaye kulemba, mutu wake uli ngati chisa, sangapite choncho. Abwere akhale pansi apa ndimuluke.